Kodi Wodziwa Ali ndi Ngongole kwa Wosadziwa?

Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, anthu a m'mbali mwa nyanja adaiona ndi maso naimva ndi makutu, ndipo amene sadafune kukwera sitima adapitiriza kuyenda pansi monga mwa kale, osatayapo kanthu. Mlendo wa masiku ano ndi wa mtundu wina. Kompyuta, pamodzi ndi mng'ono wake foni ya m'manja, sidadze ndi utsi kapena mluzu, komabe yalowa m'moyo wa munthu aliyense, ngakhale wa iye amene sadaiitane. Ndalama za usipa wogulitsidwa ku Lilongwe, zotsatira za mayeso a mwana, uthenga wa mwamuna amene ali ku Johannesburg, chenjezo la mwera pa nyanja, zonsezi zimadzera m'makina amenewa. Wosadziwa kuwagwira sangathe kuwalambalala monga momwe agogo ake adalambalalira sitima. Ayenera kupempha wina kuti amgwirire.

Chifukwa cha ichi, m'maiko ambiri anthu amakhazikitsa timagulu tophunzitsana, totchedwa makalabu a kompyuta, mmene odziwa pang'ono amakhala pansi ndi osadziwa konse, nawaonetsa kulemba kalata, kusunga zithunzi, kuwerengera ndalama ndi kudzitchinjiriza kwa akuba. Kalabu yotere ioneka ngati nkhani yaing'ono, ya mabatani ndi mawaya chabe. Koma pansi pake pagona funso lakale ndi lolemera: kodi munthu amene wadziwa kanthu kamene mnzake sadziwa ali ndi ngongole kwa mnzakeyo? Kapena nzeru ndi katundu wa mwini, monga bwato ndi ukonde, zimene akhoza kubwereketsa akafuna ndi kumana akafuna, popanda womzenga mlandu?

Mtengo wa kusadziwa

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Salima mudali anthu oposa 470,000. M'dziko lonse, mabanja opitirira theka pang'ono adali ndi foni ya m'manja, koma okhala ndi kompyuta sadakwane 5 pa mabanja 100 alionse, ndipo ounikira ndi magetsi adali ngati 11 pa 100. Komabe m'zaka zomwezo zinthu zofunika pa moyo zidali kusamukira m'makina. Airtel Money idayamba mu 2012, ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Mu 2017 anthu adalembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 mwini foni aliyense adalamulidwa kulembetsa nambala yake. Mu 2020, pamene boma lidayambitsa ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP, mlimi sadathe kugula feteleza makina asanazindikire chiphaso chake. Wofuna malo ku sukulu ya ukachenjede, ndiponso wofuna ntchito, kawirikawiri amauzidwa kuti atumize pempho lake pa intaneti.

Motero kusadziwa kwa mtundu uwu kuli ndi mtengo wake. Mayi woyanika usipa pa thandala ku Senga Bay, akatumiza nsomba ku tauni nalandira malipiro pa foni, koma osadziwa kuona yekha ndalama zimene zalowa, ayenera kukhulupirira mau a womuonera. Womuonerayo akakhala wokhulupirika, zili bwino. Akakhala wa manja aatali, mayiyo adzakolola zotsala pa thukuta lake, ndipo sadzadziwa tsiku limene adaberedwa. Wosadziwa amalipira kawiri: amalipira ndalama kwa womthandiza, ndipo amalipiranso ufulu wake wosunga chinsinsi.

Owerenga makalata a kale

Zimenezi si zachilendo kotheratu m'dziko muno. M'masiku amene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, kufikira pamene kulemba anthu kudaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndiponso pamene ena ankatsikira ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, akazi ambiri otsala m'midzi sankadziwa kuwerenga. Kalata ikafika, ankapita nayo kwa mphunzitsi wa m'mudzi kapena kwa mwana wa sukulu. Wowerengayo ankamva zonse: ndalama zimene mwamuna watumiza, matenda amene akubisa, mkwiyo wake, ngakhale mau a chikondi oyenera kumveka m'nyumba mokha.

Owerenga makalatawo adali a mitundu itatu. Woyamba ankawerenga moona, nasunga pakamwa pake. Wachiwiri ankawerenga, koma pofika madzulo mudzi wonse udali utamva, ndipo nthawi zina mapaundi olembedwa m'kalata ankachepa podutsa pa lilime lake. Wachitatu ankawerenga, kenaka nkunena kuti, "Mayi, mawa mubwere, ndikuonetseni zilembo za dzina lanu." Wachiwiriyo aliyense amtsutsa. Koma pakati pa woyamba ndi wachitatu pali kusiyana kumene kufunika kukuyang'anitsitsa. Woyamba adali munthu wabwino, komabe mayi uja adakalamba ali kugogodabe pa khomo lake. Wachitatu adadzichotsera yekha ulemu wokhala wofunika m'mudzi, chifukwa mayi uja atadziwa kuwerenga sadabwerenso. Sukulu za kwacha, ndi ndondomeko ya boma yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga imene idakhazikitsidwa mu 1986, zidamangidwa pa mtima wa munthu wachitatuyu.

Lero wowerenga makalata ndi mdzukulu wodziwa foni, ejenti wa pa msika, ndi mnyamata wa mu shopu yotaipa ndi kusindikiza. Mitundu itatu ija ilipobe.

Mau a wotsutsa

Wina adzati: nzeru sizitoledwa pa njira. Mnyamata amene adaphunzira kompyuta adalipira fizi, mwina makolo ake adagulitsa mbuzi kapena mpunga wa ku Lifuwu. Tsopano watsegula kashopu, ndipo chakudya cha ana ake chichokera kwa anthu osadziwa kutaipa okha. Akawaphunzitsa onse, adzadya chiyani? Kodi mmisiri wosema bwato amakakamizidwa kuphunzitsa aliyense wodutsa pa dooko?

Mau amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo mkangano wake udabuka pa chiyambi penipeni pa makina amenewa. Mu Malichi 1975, ku Menlo Park m'dziko la America, anthu okonda zamagetsi adayamba kukumana m'galaja ya mmodzi wa iwo, natcha gulu lao Homebrew Computer Club. Mwambo wao udali wakuti aliyense abwere ndi chimene wadziwa, agawire anzake. Steve Wozniak adaonetsa kumeneko kompyuta imene adapanga, imene idadzatchedwa Apple I, ndipo ankapatsa anzake mapepala oonetsa kapangidwe kake kwaulere. Koma kumayambiriro kwa 1976, mnyamata wina dzina lake Bill Gates adalembera anthu oterewa kalata yodandaula kuti ankakopera pulogalamu ya kampani yake osalipira, chikhalirecho iye ndi anzake adaigwirira ntchito miyezi yambiri. Onse awiri adagwira mbali ya choona. Wogwira ntchito ayenera kudya thukuta lake, ndipo luso silikula pamene aliyense abisa chake.

Mwambo wa m'midzi ya kuno udalekanitsa kale zinthu ziwirizi. Nkhuni zimagulitsidwa, chifukwa wina adayenda mtunda, nadula, nasenza, ndipo mtolo ukapita kwa wogula suli kwa wogulitsanso. Koma moto sugulitsidwa. Mayi amene moto wamzimira amatuma mwana ndi phale kukapala kwa mnansi, ndipo palibe mnansi amene amafunsa ndalama, pakuti moto wa pa mafuwa ake suchepa chifukwa wina wapalako. Womana moto amatchedwa dzina loipa m'mudzi monse.

Nzeru za kompyuta zilinso za mitundu iwiri yomweyi. Pali luso la mmisiri: kukonza makina oonongeka, kulemba mapulogalamu, kutaipa chikalata chachitali mwamsanga ndi mwaudongo. Izi ndi nkhuni, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wozigulitsa pa mtengo woyenera. Koma palinso nzeru zimene munthu akapanda kukhala nazo sangathe kusunga za m'nyumba mwake: kuona yekha ndalama zake, kusintha nambala yake yachinsinsi, kuzindikira uthenga wa wakuba, kuwerenga yekha uthenga wa mwana wake. Izi ndi moto. Wobisa dala nzeru zotere, kuti mnzake apitirize kumdalira ndi kumlipira, wasiya kugulitsa ntchito yake, wayamba kugulitsa umbuli wa mnzake.

Ndipo wodziwayo akumbukire kuti iyenso adapala moto kwa ena. Pa 30 Epulo 1993, bungwe la CERN ku Geneva lidalengeza kuti njira yosanjira masamba a pa intaneti, imene Tim Berners-Lee adaipanga kumeneko, ikhale ya aliyense popanda malipiro. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu posowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, adapeza m'kalaibulale ka kwao buku lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo, napanga ake amene adaunikira nyumba ya makolo ake. Intaneti adaiona koyamba mu 2007 ku Arusha, ataitanidwa ku msonkhano. Luntha lidali lake ndithu, koma mabukuwo adaikamo ndi anthu ena amene sadamdziwe, ndipo padali womtsegulira chitseko. Palibe wodziwa amene adabadwa nazo. Ngongole ya nzeru sibwezedwa kwa amene adakongoza, chifukwa iye saisowa. Imabwezedwa kwa amene ali pambuyo.

Kuchitira ndi kuphunzitsa

Ngati tsono ngongole ilipo, ibwezedwa bwanji? Apa ambiri amaphophonya ali ndi mtima wabwino. Nkhalamba ikatulutsa foni niyamba kufunafuna batani, mdzukulu amatambasula dzanja nati, "Bweretsani kuno, agogo, ndikuchitireni, mukuchedwa." M'kamphindi ntchito yatha, ndipo onse awiri ayesa kuti thandizo laperekedwa. Koma agogowo abwerera monga adabwerera, ndiponso nambala yao yachinsinsi tsopano ili m'mutu mwa wina. Kuchitira kuli kofulumira, ndipo kumakweza wochitirayo. Kuphunzitsa kuli kochedwa, kumafuna kubwereza chinthu chimodzi kasanu popanda kuusa moyo, ndipo mapeto ake ndi akuti mphunzitsi safunikanso.

Chifukwa chake kalabu yoyenera dzina lake iyenera kukhala ndi lamulo loyamba ili: manja a mphunzitsi akhale pa maondo ake, makina akhale m'manja mwa wophunzira. Lachiwiri likhudza chinsinsi. Wophunzira akafika polemba nambala yachinsinsi, mphunzitsi atembenuke nanene kuti, "Dinani nokha, mayi, ine ndayang'ana kumbali." Kachitidwe kakang'onoka kaphunzitsa koposa mau ambiri, pakuti kaonetsa kuti ngakhale munthu wokhulupirika sayenera kuidziwa nambalayo.

Nzeru zofunika pa khomo si zambiri, ndipo si zakuya. Munthu adziwe kuyatsa ndi kuzimitsa makina bwino, ndi kuwateteza ku fumbi, chinyezi ndi magetsi obwera mwamphamvu. Adziwe kulemba kalata, kuipatsa dzina ndi kuisunga pamalo pamene adzaipeza. Adziwe kuti chinthu chosungidwa pamalo amodzi okha chili ngati mbeu yosungidwa m'nkhokwe imodzi, ndipo zithunzi za ziphaso ndi masatifiketi azisungenso pa fulashi kapena pa intaneti. Adziwe kuti fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatola mavairasi monga phazi litolera matekenya. Mlembi wa banki mkhonde adziwe kulemba masheya ndi ngongole m'mizere imene makina amaonkhetsa okha, komabe asataye kope lake. Msodzi adziwe kupeza chenjezo la a zanyengo asanakankhe bwato m'miyezi ya mwera.

Koposa zonse, aliyense adziwe njira za akuba. Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akuchenjeza za iwo kwa zaka zambiri, ndipo misampha yao isintha zovala zokha. Wina amatumiza uthenga kwa anthu mazanamazana wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi," podziwa kuti pakati pao padzapezeka mmodzi amene adalidi pafupi kutumiza ndalama kwa mbale. Wina amaimba nadzitcha wa ku kampani ya mafoni, nanena kuti mwini foni wapata mphotho, kapena kuti nambala yake itsekedwa, napempha nambala yachinsinsi. Wina amati watumiza ndalama molakwitsa, naonetsa uthenga wabodza, napempha kuti zibwezedwe. Yankho la misampha yonseyi ndi limodzi: kampani yoona sifunsa nambala yachinsinsi, mphotho ya mpikisano umene munthu sadalowe kulibe, ndipo wofulumizitsa mnzake kutumiza ndalama ali ndi chifukwa chosafunira kuti mnzakeyo aganize. Munthu wodziwa mau atatuwa, naona mnansi wake akupita ku msampha, nakhala chete, sangathe kunena kuti alibe mlandu.

Mangawa a wosadziwa

Koma ngongole siili mbali imodzi yokha. Wosadziwanso ali ndi mangawa ake, ndipo oyamba ndiwo kugonjetsa manyazi. Pa mwambo, nzeru zimatsika kuchokera kwa akulu kunka kwa ana. Makina awa atembenuza mtsinje, kotero kuti bambo wa imvi, amene mau ake amathetsa milandu pa bwalo, ayenera kukhala pansi ndi kumvera mwana wa Fomu 2. Ambiri zimenezi zimawawawa, ndipo amabisala m'mau akuti, "Izi nza ana." Koma akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndiponso safunsa adadya phula. Kusadziwa si mlandu. Kukana kuphunzira chinthu chimene chiteteza banja, chifukwa chongoopa kuoneka wosadziwa, ndiko kunyada, ndipo mtengo wake amalipira ndi a m'nyumba.

Ukalamba suletsa. Ku San Francisco, mu 1986, Mary Furlong adayambitsa bungwe la SeniorNet lophunzitsa makompyuta anthu achikulire, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake adali okalamba anzao odzipereka. Mkulu amamva msanga akaphunzitsidwa ndi mnzake wa msinkhu wake, amene adaphunthwa pa miyala yomweyo.

Ndipo wachinyamata asayese kuti mkulu amabwera chimanjamanja. Mnyamata adziwa batani loyenera kudina, koma mkulu adziwa kamvekedwe ka mau a munthu wabodza, chifukwa wakhala akuwamva kwa zaka 60. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira m'boma lomweli la Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja ndi kutsegula mvula ikatha, kuti utaka uswane, ndipo akatswiri a za nsomba ochokera kutali amabwera kudzaphunzirapo. Nzeru imeneyo, yodziwa nthawi yoleka, sidatuluke m'makina, ndipo ndi yomwe isoweka kwa mnyamata amene amachezera usiku wonse pa foni kufikira ndalama ya ndiwo yathera m'mayunitsi. M'kalabu yabwino aliyense ali mphunzitsi pa china ndi wophunzira pa china. Pamenepo ulemu sutayika: mwana aphunzitsa atagwada m'mau ake, ndipo mkulu aphunzira osachotsedwa pa mpando wake.

Mangawa achiwiri a wophunzira ndi akuti asakhale mathero a njira. Wopala moto amayembekezeka kupatsako wina mawa.

Chifukwa ninji gulu?

Wina angafunse kuti, kodi ntchito imeneyi si ya boma? Boma lili ndi gawo lake ndithu. Bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa potsata lamulo la 1998, lidathandiza kutsegula nyumba za makompyuta m'madera ena a kumidzi, monga ku Goliati m'boma la Thyolo ndi ku Lupaso m'boma la Karonga. Kuyambira 2023, ndondomeko ya BEFIT idayamba kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aphunzirepo kuwerenga ndi masamu. Ku Nanjoka, m'boma lomweli la Salima, malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 adatsegulidwa mu Novembala 2021. Zonsezi nzabwino. Koma boma likhoza kugula makina ndi kuimika mapolo, silingathe kukhala pa mkeka pafupi ndi mayi wa zaka 55 kufikira dzanja lake litaleka kunjenjemera. Makina opanda munthu woleza mtima pambali pake amangosonkhanitsa fumbi, ndipo matabuleti a ku sukulu safika kwa makolo.

Munthu mmodzi payekha sangathenso, chifukwa adzatopa, kapena adzasamuka, kapena adzasanduka kamfumu. Mutu umodzi susenza denga. Anthu a kuno adziwa kale njira ya gulu: dima la kumunda, banki mkhonde, makomiti a pa dooko, ndi chilimila chimene sichikokedwa ndi munthu mmodzi, koma chifuna siginala ndi nyali zake pamodzi ndi okoka m'mabwato. Kalabu ya kompyuta siifuna zoposa izi: chipinda cha sukulu kapena khonde, laputopu imodzi kapena ziwiri, sola yaing'ono, mafoni amene mamembala ali nao kale, tsiku lodziwika pa sabata, ndi kandalama kosonkha ka intaneti kolembedwa poyera.

Koma gulu lili ndi matenda ake, ndipo nkwabwino kuwatchula lisanabadwe. Laputopu ya gulu ikayamba kugona kunyumba kwa wapampando, posachedwa idzakhala ya ana ake. Nthawi ya msonkhano ikaikidwa pamene akazi ali pa thandala kapena pa mtondo, kalabu idzakhala ya amuna okha ngakhale palibe amene adalamula chotero. Aphunzitsi akayamba kuponya mau a Chingerezi kuti aoneke ophunzira, osauka adzachoka mwakachetechete, osabweranso. Ndipo m'mbali mwa nyanja, mmene Achewa, Ayao, Atonga ndi ena akhalira pamodzi, Akhristu ndi Asilamu, khomo likatsegukira a mpingo umodzi kapena a chipani chimodzi, moto uja wasanduka malonda. Wakuba wa pa foni safunsa munthu kumene amapemphera.

Nanga wophunzirayo akachita nazo zoipa?

Latsala funso limodzi lovuta koposa. Khomo lomwe lilowetsa uthenga wa mwana ndi chenjezo la mwera lilowetsanso juga, zithunzi zolaula, mabodza ndi miseche yoyenda msanga kuposa moto wa m'tchire. Kodi wophunzitsa mnzake sakhala ngati wampatsa mpeni umene adzadzicheka nao, kapena kuchekera ena?

Poyamba, khomolo lidatseguka kale, ndipo amene avulala koposa ndi iwo amene adalowa opanda wowatsogolera. Kusunga munthu mu umbuli kuti asachimwe kuli ngati kukana kuphunzitsa mwana wa msodzi kusambira poopa kuti angapite pakuya. Mwanayo adzalowabe m'madzi. Chachiwiri, mphunzitsi sangathe kusamba m'manja kotheratu. Amene aphunzitsa kutumiza uthenga ku gulu la WhatsApp ayenera kuphunzitsanso kuti mbiri ya munthu ikaonongeka sibwerera, kuti nkhani yosadziwika gwero lake siyenera kupitirizidwa, ndi kuti chithunzi cha munthu sichifalitsidwa mwini wake asanalole. Auzenso ophunzira kuti dziko lili ndi lamulo la 2016 loyang'anira malonda ndi chitetezo pa intaneti, limene limalanga wolowa m'makina a mnzake mopanda chilolezo ndi wozunza ena ndi mauthenga. Ndipo munthu akabwera poyera nati, "Ndionetseni kutsegula foni ya mkazi wanga iye osadziwa," kapena kufuna njira yonamizira ena, mphunzitsi ali ndi udindo wokana. Ngongole ya nzeru siifika pothandiza munthu kulakwira mnzake. Kupyola pamenepo, chimene wophunzira adzachita mseri chili pa chikumbumtima chake, monga wosula mpeni sayankha mlandu wa aliyense wougwira.

Yankho

Tsono funso lija liyankhidwa chotere. Inde, wodziwa ali ndi ngongole, koma ili ndi malire ake. Luso limene adalivutikira akhoza kuligulitsa, ndipo wofuna ntchito yake alipire mosanyinyirika. Koma nzeru zimene mnansi wake afunika kuti asunge ndalama zake, chinsinsi chake ndi mbiri yake, sayenera kuzibisa kapena kuzisandutsa chingwe chomangira mnzakeyo. Ngongoleyo ibwezedwa pophunzitsa, osati pochitira chabe. Ibwezedwa mwaulemu, m'chinenero chimene wophunzira amva, ndi pakamwa posunga zimene maso aona. Ndipo wolandira ali ndi mangawa a kulimbika ndi a kupatsira wina.

Muyeso wa kalabu yotere suli m'kuchuluka kwa makina ake, kapena m'masatifiketi opachikidwa pa khoma. Uli m'chiwerengero cha anthu amene chaka chatha ankagogoda pa khomo la wina ndi foni m'manja, koma chaka chino akuwerenga okha uthenga wao, ndipo ena mwa iwo akhala pa mkeka kuonetsa anzao. Aphunzitsi a m'midzi, alembi a magulu ndi achinyamata amene adapita patsogolo ndi sukulu, aliyense adziwa ndi dzina munthu mmodzi kapena awiri amene amabwera kwa iye mwezi ndi mwezi ndi pempho lomwelo. Munthu ameneyo akadzabweranso, pali kusankha pakati pa wowerenga makalata woyamba uja ndi wachitatu.